Funsani Achemwali: Ndisiye ntchito yanga ndikalembe khodi?

Makalata a mwezi uno akhala ngati munapangana. Pafupifupi onse achokera kwa anthu omwe ali kale pa ntchito ina koma mtima wawo wapita ku ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, imene timati kulemba khodi. Ndasankhapo asanu, ndawafupikitsa, ndipo mayina ndachotsa monga mwa masiku onse. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndinali wowerengera ndalama mu ofesi, wa ma invoice ndi malisiti, ndipo khodi ndinaiphunzira ndili kale ndi ana. Digiri ya kompyuta ndilibe. Muziwerenga mayankho angawa mukudziwa zimenezo.

Kodi ndachedwa?

Achemwali, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndili ndi zaka 41 ndi ana atatu. Ndayamba kuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, usiku ana akagona ndipo yandilowa mumtima. Koma ndikaona zithunzi za anthu a ntchito imeneyi, onse ndi anyamata achichepere. Masamu a ku sekondale sindinakhoze bwino. Alamu anga akuti ndikungotaya nthawi, imeneyi si ntchito ya azimayi a msinkhu wanga. Kodi ndachedwa?
Mphunzitsi wotopa ndi choko

Aphunzitsi, alamu anuwo ndikuwalemekeza, koma mbiri ya ntchitoyi sakuidziwa. Kompyuta ya ENIAC itamalizidwa ku University of Pennsylvania mu 1945, amene anaikonzera mapulogalamu oyamba anali azimayi 6. Grace Hopper ankaphunzitsa masamu ku koleji ya Vassar, ndipo kompyuta anakumana nayo koyamba mu 1944 ali ndi zaka 37. Ku America mu 1984, pa anthu 100 aliwonse omaliza digiri ya kompyuta, 37 anali akazi. Kenako chiwerengero chinatsika mpaka kufika cha m'ma 18 pofika 2010. Ofufuza ena amaloza chala otsatsa malonda a m'zaka za m'ma 1980, amene ankagulitsa makompyuta a m'nyumba ngati zoseweretsa za ana aamuna, moti mtsikana pofika ku yunivesite ankapeza anzake atazolowera kale makinawo. Anyamata mukuwaona pa zithunziwo anaipeza ntchitoyi azimayi ataiyamba kalekale.

Amene ndikufuna mumudziwe kwambiri ndi Dorothy Vaughan. Anali mayi wachikuda, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya sekondale ku Farmville, m'chigawo cha Virginia. Mu 1943, ali ndi zaka 33, anasiya kalasi n'kukayamba ntchito yowerengera masamu pamanja ku Langley, malo ofufuzira za ndege omwe pambuyo pake anakhala mbali ya NASA. Nthawi imeneyo azimayi achikuda ankawaika m'chipinda chawochawo, zimbudzi zawo, tebulo lawo lodyera. Mu 1949 anakhala mtsogoleri wa gululo. Makompyuta amagetsi atayamba kufika, iye anaona kuti ntchito yowerengera pamanja ikutha, ndiye anaphunzira chiyankhulo cha FORTRAN akuyandikira zaka 50, n'kuphunzitsanso anzake. Mayiyu anali ndi ana 6.

Komatu ndisakunyengeni. Vaughan ndi Hopper anali akatswiri a masamu, ndipo inu mwanena nokha kuti masamu anakuvutani. Zilipo mbali za ntchitoyi zofuna masamu ozama: kubisa mauthenga, zithunzi za magemu, kuphunzitsa makina a AI. Koma mapulogalamu ambiri amene anthu amalipidwa nawo ndi a mawebusayiti, a malipiro, a kaundula wa odwala, a sitoko, ndipo kumeneko masamu ake ndi omwe mumaphunzitsa inuwo: kuphatikiza, kuchotsera, mapelesenti. Chofunika kwambiri ndi mtima wosathawa uthenga wofiira.

Ndikuonetseni. Tinene kuti muli ndi mndandanda wa ana 40 ndipo mwauza pulogalamu kuti ikupatseni mwana wa pa nambala 40. Python ikukana, ikukhuthula mizere yambirimbiri, ndipo pansi penipeni palembedwa IndexError: list index out of range. Apa ndi pamene ambiri amatseka laputopu n'kunena kuti mutu wanga ndi wouma. Amene adzaithe ntchitoyi amawerenga mzere wapansiwo, n'kukwera pamwamba pake pomwe patchulidwa nambala ya mzere umene wavuta, kenako n'kukumbukira kuti Python imayamba kuwerenga pa 0, choncho mwana womaliza ali pa 39. Inu zimenezi mumachita kale ndi bolopeni yofiira. Mwana akalakwa samu yogawa simungothetha n'kupitirira, mumatsika naye mzere ndi mzere mpaka mutapeza pomwe anaiwala kutsitsa nambala. Theka la tsiku la wolemba mapulogalamu limathera pa zomwezo.

Za msinkhu zilipo ndithu. Mudzakumana ndi olemba ntchito amene akaona zaka zanu adzangoika CV yanu pambali osakuuzani chifukwa. Bwana wanu woyamba akhoza kudzakhala wa msinkhu wa ana omwe munawaphunzitsa, ndipo malipiro a woyamba kumene mwina sadzaposa a uphunzitsi wa zaka zambiri. N'chifukwa chake ndimakana kuti munthu ngati inu akaime pa mzere umodzi ndi anyamata a zaka 22 n'kumadzitchula kuti woyamba wopanda luso. Pa mzere umenewo adzakupitirirani. Inu muli ndi mzere wanu.

Pulogalamu yanga yoyamba imene munthu wina anaigwiritsa ntchito inali yofananitsa ma invoice ndi sitetimenti ya ku banki. Maonekedwe ake anali osagwira mtima, koma inkadziwa zinthu zimene achinyamata a digiri sakanazidziwa: kuti malipiro obwezedwa amaoneka kawiri pa sitetimenti, kuti kasitomala mmodzi amatha kulembedwa m'njira zitatu, kuti mwezi ukathera pa Loweruka ndalama zina zimakaonekera Lolemba. Pa intavyu imene inandipatsa ntchito, wofunsayo anaima pa mzere umodzi wa pulogalamuyo n'kundifunsa chifukwa chimene ndinagwiritsira ntchito Decimal, chida chosunga manambala ndendende mmene alembedwera, powerengera ndalama. Tayesani nokha usiku uno: lembani 0.1 + 0.2 mu Python, ikupatsani 0.30000000000000004. Kompyuta imasunga manambala amenewa m'ma 0 ndi ma 1, ndipo ena sakwanira bwinobwino m'menemo, ndiye pamatsala kanyenyeswa. Wowerengera ndalama sagona mabuku akasiyana ndi kandalama kamodzi, choncho ine ndinali nditakasaka kale kanyenyeswako. Mafunso otsatira onse anali a ntchito yanga yakale.

Ndiye inu pangani pulogalamu ya malipoti a mayeso a kalasi yanu. Iziphatikiza malikisi, iziika ana pa manambala awo, izidziwa chochita ana awiri akafanana malikisi, ndipo izisiyanitsa mwana amene wapeza 0 ndi mwana amene sanalembe chifukwa anadwala. Munthu amene sanaimepo kutsogolo kwa kalasi amawaphatikiza awiriwa, n'kuononga avareji ya kalasi yonse. Mupatse mphunzitsi mnzanu aigwiritse ntchito teremu imodzi, ndipo chilichonse chimene angadandaule mukonze. Mukatero yang'anani mapulogalamu a maphunziro omwe khodi yake ndi yotsegukira aliyense, monga Moodle, imene Martin Dougiamas anaitulutsa mu 2002, kapena Kolibri, imene mbali yaikulu inalembedwa mu Python yomweyo. Choko musachitaye chaka chino. Alamuwo muwatumizire lipoti la mwana wawo losindikizidwa ndi pulogalamu yanu.

Akuti ndidzalipira ndikadzapeza ntchito

Achemwali, ndine mlonda pa kampani ina, ndili ndi zaka 29. Kwathu ndine woyamba kumaliza sekondale, koma ku yunivesite sindinapite. Ndaona bootcamp ya pa intaneti, sukulu yophunzitsa khodi mwachangu, yomwe ikuti m'miyezi 6 yokha ndikhala wolemba mapulogalamu, ndipo ndidzayamba kulipira ndikadzapeza ntchito. Akufuna ndizikhalapo tsiku lonse, ndiye ulondawu ndiyenera kuusiya. Ndisaine?
Mlonda wa usiku

Achimwene, bwezerani kaye bolopeniyo m'thumba.

Sukulu za mtunduwu zinaphuka cha m'ma 2012, nthawi imene makampani ankalimbirana aliyense wodziwa kulemba webusayiti. Ena zinawathandiza, ndipo ndagwirapo ntchito ndi anthu anzeru omwe anadzera njira imeneyo. Koma imodzi mwa zoyambirira, Dev Bootcamp ya ku San Francisco, inatsekedwa mu 2017. Ndipo mu April 2024 bungwe la boma la America loteteza anthu pa nkhani za ngongole, Consumer Financial Protection Bureau, linalanga sukulu ya BloomTech, imene kale inkatchedwa Lambda School, pa mgwirizano wofanana ndi womwe akukupatsani inuwo. Linapeza kuti ophunzira ankauzidwa kuti si ngongole pamene inali ngongole, komanso kuti sukuluyo inkalengeza kuti mpaka 86 pa 100 amapeza ntchito pomwe m'mabuku ake chiwerengero chinali pafupi ndi theka. Sindikunena kuti yanuyo ndi yotero. Ndikunena kuti mawu oti mudzalipira mukadzapeza ntchito amafunika kuwawerenga ndi maso awiri.

Afunseni kuti ntchito akutanthauza ntchito yanji. M'mapangano ena, ngakhale mutabwerera ku ulonda, bola malipiro afike pa mlingo wina, amayamba kukudulani. Afunseni ngati muli ndi ngongole mukasiyira panjira mwezi wachiwiri. Pa chiwerengero cha opeza ntchitocho, afunseni ngati akuwerengera onse amene anayamba kapena okhawo amene anamaliza, ndiponso ngati akuphatikizamo ophunzira amene sukuluyo inawalemba yokha kuti azithandiza kuphunzitsa. Kenako sakani nokha anthu awiri kapena atatu omwe anamaliza chaka chathachi, osati amene sukuluyo ikusankhireni. Akayamba kukufulumizitsani kuti malo atsala ochepa, mwayankhidwa.

Msika nawo wasintha. Mu November 2022 Meta inachotsa anthu 11,000, mu January 2023 Google inachotsa 12,000 ndipo Microsoft 10,000. Sikuti onsewo anali olemba khodi, koma ambiri mwa iwo anabwerera pa msika ali ndi zaka zambiri za luso, n'kumapikisana ndi oyamba kumene. Miyezi 6 ikhoza kukuphunzitsani kupanga webusayiti, koma kusaka ntchito yoyamba kumatha kutenga nthawi yoposa pamenepo, ndipo nthawi yonseyo lendi ikufuna munthu. Mwana wa anthu olemera akhoza kuyesa n'kulephera n'kubwerera kunyumba. Inu ndinu amene ena akuyang'ana kumapeto kwa mwezi. Malangizo oti siyani zonse mutsate maloto nthawi zambiri amachokera kwa anthu omwe anali ndi pogwera.

Dziyeseni kaye mwaulere. Maphunziro a CS50 a ku Harvard, omwe amaphunzitsa David Malan, ali pa intaneti osalipira, ndipo amayamba ndi chiyankhulo cha Scratch kenako cha C. Ndi olimba, ndipo ndi chifukwa chake ndikukutumizani kumeneko: mukadutsa masabata anayi oyamba mtima udakali m'malo, mwadziwa kanthu za inu mwini musanapatse aliyense ndalama. Kulinso freeCodeCamp, imene Quincy Larson anaiyambitsa mu 2014, ndipo iyenso anali mphunzitsi amene khodi anaiphunzira atapitirira zaka 30. Kulinso The Odin Project kwa wofuna mawebusayiti. Musankhe imodzi muimalize. Oyamba kumene ambiri sagwa chifukwa chosowa maphunziro, amagwa chifukwa achuluka: sabata ino Python, ya mawa wina pa YouTube wati Rust ndiye ili pamwamba, inayo Flutter. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene bootcamp yabwino imagulitsa kwenikweni ndi ndandanda yokukakamizani, anzanu ovutika nawo limodzi, ndi munthu wowerenga khodi yanu. Ndandanda inu muli nayo kale, munthu wogwira usiku amadziwa kusunga nthawi, ngakhale sindikukuuzani kuti muziyang'ana laputopu mbala zikudumpha mpanda. Anzanu ndi wowerenga khodi mukhoza kuwapeza m'mapulojekiti otseguka, aja omwe khodi yake ndi yotsegukira aliyense, pa webusayiti yosungira khodi ya GitHub. Ndipo pulogalamu yanu yoyamba ili pa geti pomwepo: buku lija lolembamo alendo ndi magalimoto, limene palibe angapezemo kanthu pakadutsa mwezi. Lisandutseni kapulogalamu kosaka nambala ya galimoto n'kuonetsa masiku onse amene inalowa, komanso kotchula alendo omwe analowa koma sanalembedwe kuti atuluka.

Pa vuto loti olemba ntchito amafuna wodziwa kale ntchito pomwe palibe akukupatsani poyambira, dziwani zinthu ziwiri. Google Summer of Code, ndondomeko ya Google yophunzirira khodi pogwira ntchito, kuyambira 2022 imalandira aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene akuyamba kumene m'mapulojekiti otseguka, osati a ku yunivesite okha. Outreachy nayo imapereka miyezi itatu ya ntchito yolipidwa, yogwirira kunyumba, kwa anthu omwe amasalidwa kapena ndi ochepa m'ntchito za kompyuta. Mpikisano wake ndi waukulu ndipo imafuna maola ambiri pa sabata, ndiye muwerenge malamulo ake msanga. Musanyozenso makomo a m'mbali, monga kuyesa mapulogalamu asanatuluke kapena kuthandiza makasitomala pa kampani ya mapulogalamu. Ambiri opanda digiri analowera kumeneko.

Ndili ndi foni yokha

Achemwali, ndimasoka zovala, laputopu ndilibe, ndili ndi foni ya Android basi. Ndingayambe? Nanga ndiyambe chiyankhulo chiti?
Telala

Yambani lero, mayi. Pulogalamu ya Pydroid 3 imayendetsa Python pa foni, ndipo zoyambirira zonse mukhoza kuziphunzira pamenepo, makamaka mukapeza kiyibodi yolumikiza ndi Bluetooth. Koma ntchito yolipidwa pa foni siitheka, ndiye muziponya pambali kangachepe ka laputopu. Isakhale yatsopano ayi: yakale ya RAM ya 8GB ndi yokwana, ndipo ngakhale ya 4GB imayenda mukaikamo Linux m'malo mwa Windows. Za chiyankhulo, ngati mukufuna zooneka ndi maso pa webusayiti tengani JavaScript, ngati mukufuna zowerengera ndi kusanja zinthu tengani Python. Chachiwiri chimadzaphweka mukadziwa choyamba. Malangizo onse a Python amatheka kuwatsitsa kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti. Poyeserera, lembani kapulogalamu kosunga miyeso ya makasitomala anu ndi tsiku lomwe munalonjeza chovala chilichonse.

Maso anafa

Achemwali, ndinali dalaivala wa malole kwa zaka zambiri. Maso anga afa pang'onopang'ono ndi matenda a glaucoma, moti pano ndimangoona kuwala basi. Kalatayi akundilembera ndi mwana wanga. Ndamva kuti kuli anthu osaona olemba mapulogalamu. N'zoona, kapena akungonditonthoza?
Dalaivala wakale, zaka 47

Bambo, n'zoona, ndipo chida chimene mudzagwiritse ntchito chinapangidwa ndi anthu osaona. Dzina lake ndi NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zonse zolembedwa pa sikirini ya Windows. Anaiyamba mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, kenako mnzake James Teh anagwirizana naye, onse awiri osaona. Ndi yaulere, ndipo mbali yaikulu inalembedwa mu Python. Khodi ndi mawu olembedwa basi, choncho makutu amaikwanitsa. Ngakhale mipata ya kumayambiriro kwa mzere, imene mu Python imasintha tanthauzo la pulogalamu, NVDA imatha kuitchula kapena kuiliza ndi kamvekedwe kokwera ndi kotsika. Ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina wosaona amene ankaiyendetsa mothamanga moti ine ndikavala mahedifoni ake sindinkatolapo liwu ngakhale limodzi, koma iye ankapeza cholakwika ine ndisanamalize kuwerenga fayiloyo.

Khodi isakhale yoyamba. Yambani ndi kutayipa. Pempheni mwana wanu akugwiritseni mabatani a F ndi J, mumva tizinthu totukuka, pamenepo ndi pokhala zala zanu zolozera. Mukazolowera kiyibodi, phunzirani NVDA mpaka muzitha kutumiza imelo ndi kusaka pa intaneti nokha popanda mawusi. Zimenezi zokha zitenga miyezi, ndipo phindu lake mudzaliona ngakhale mutadzaganiza zosapitiriza. Khodi ibwere pachitatu. Visual Studio Code, imene ambiri timalemberamo, inakonzedwa kuti izigwirizana ndi mapulogalamu owerenga sikirini.

Zovuta zake nazi: maphunziro a pa vidiyo omwe mphunzitsi amangoti dinani apa osanena kuti apa ndi pati, zithunzi zofotokoza kapangidwe ka pulogalamu, ndi ma intavyu ofuna kujambula pa bolodi. Sankhani maphunziro olembedwa, ndipo akakuitanani ku intavyu nenani msanga zimene mukufuna kuti akukonzereni. Anthu ambiri adzakuuzani kuti mupite ku ntchito yoyesa ngati mawebusayiti akutheka kwa olumala. Ntchitoyo ilipodi, malamulo ake otchedwa WCAG anayamba mu 1999, ndipo ku Europe lamulo lokakamiza makampani ambiri kukonza zimenezi linayamba kugwira ntchito mu June 2025. Ndi khomo labwino, koma musalole akutsekereni m'menemo. Inu mumadziwa za sikelo ya pamsewu, za kulemera kwa katundu pa ekiselo iliyonse, za mapepala a pa malire, za maola amene dalaivala angayende asanatope. Makampani a mtengatenga amalipira anthu kuti alembe zimenezi m'mapulogalamu, ndipo ambiri mwa olembawo sanakwerepo lole.

Ndalowa, koma ndili ndekha

Achemwali, ndinali namwino zaka 12. Ndinaphunzira JavaScript ndi SQL, chiyankhulo chofunsira zinthu zosungidwa mu kompyuta, ndipo chaka chatha ndinapeza ntchito pa kampani yopanga mapulogalamu a zipatala. Pa gulu lathu la anthu 9 wamkazi ndine ndekha. Pa misonkhano amandiuza ine kuti ndilembe maminitsi. Khodi yanga imabwerera ndi ndemanga 30 pomwe ya anzanga imadutsa ndi ziwiri. Wina anandiuza kuti AI iyambira kuchotsa anthu ngati ine. Usiku ndimaganiza kuti anandilemba molakwitsa ndipo tsiku lina adzazindikira. Ndibwerere ku wodi?
Namwino wa pa kiyibodi

Anesi, m'kalata yanu muli nkhani zingapo zomwe zamangana, ndiye tizimasule.

Maganizo a usikuwo anawafufuzapo kale. Mu 1978 akatswiri awiri a za maganizo, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za azimayi oposa 150 ochita bwino pa maphunziro ndi pa ntchito omwe ankakhulupirira kuti angopusitsa anthu. Kudziwa zimenezi kumatonthoza. Koma ine nkhaniyi imandikwiyitsa ikamagwiritsidwa ntchito pouza mayi kuti vuto lili m'mutu mwake, akadzikonze yekha, pomwe ofesi ikupitiriza zomwezo. Maminitsi aja sali m'mutu mwanu. Pa msonkhano wotsatira nenani poyera, mosakwiya, kuti mwalemba kokwana ndipo mukupempha kuti muzisinthana motsata mndandanda wa mayina. Wolemba maminitsi salankhula, ndipo wosalankhula pa misonkhano amaiwalika nthawi yokweza anthu.

Ndemanga 30 zija muzitsegule Loweruka lina muziike m'milu. Mulu woyamba ndi wa zimene zikutchula cholakwika n'kupereka chifukwa, monga kuti funso lanu la SQL likubwerezedwa kamodzi pa wodwala aliyense m'malo mofunsa kamodzi. Zimenezo ndi maphunziro aulere, ndipo woyamba kumene aliyense amazilandira zambiri. Mulu wachiwiri ndi wa zokonda za munthu: mpata apa, chizindikiro cha koma apo, dzina ili silikundisangalatsa. Zimenezo makina amathetsa. Pemphani gulu livomereze Prettier ndi ESLint, zida zosanja kalembedwe ka khodi, mkangano uthere pomwepo. Mulu wachitatu ndi wa mawu okhudza inuyo osati khodi. Amenewo muwasunge ndi madeti ake. Kenako yang'anani ndemanga zimene mnyamata woyamba kumene pa gulupo amalandira. Ngati zolakwa zomwezo kwa iye zikudutsa, mupite nazo kwa bwana wanu zili m'manja, chifukwa dandaulo lopanda umboni amaliyankha kuti mukungoganiza. Lachisanu lililonse muzilembanso zomwe mwamaliza sabata imeneyo, mizere itatu yokha. Zimathandiza pokambirana za malipiro, komanso usiku uja maganizo akabwera.

Tsopano za kulembedwa molakwitsa. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 anapatsa odwala osachepera 6 mphamvu yopitirira muyeso kwambiri, ndipo ena anamwalira. Chimodzi mwa zolakwika za pulogalamu yake chinkaoneka pokhapokha woyendetsa makina wozolowera akatayipa mofulumira n'kukonza zomwe walemba m'masekondi ochepa. Sikirini inkangolemba Malfunction 54, mawu osamuuza kanthu munthu amene wodwala wagona patsogolo pake, ndipo popeza makinawo ankalemba mauthenga otere kawirikawiri, oyendetsa anazolowera kungodina kuti apitirire. Nkhaniyi imaphunzitsidwa mpaka pano. Pa anthu 9 a pa gulu lanu, ndani wina amene anadinapo batani atavala magolovesi 3 koloko usiku, wodwala wina akuitana? Ndani akudziwa kuti chenjezo likamalira pa chilichonse anamwino amasiya kulimva, kapena kuti mlingo wa mankhwala a mwana umadalira kulemera kwake ndiye bokosi la kulemera lisalole munthu kulemba 35 pofuna kulemba 3.5 osamufunsa kawiri? Kampaniyo inalemba munthu amene inkamusowa. Muyambe kulankhula zimenezi pa misonkhano, tsopano poti manja akhala opanda maminitsi.

Za AI, mnzanuyo wanena zoona pang'ono. GitHub Copilot, chida cha AI chothandiza kulemba khodi, inatuluka mu 2021, ChatGPT mu November 2022, ndipo zida zimenezi zimalemba mofulumira khodi yosavuta imene kale inkapatsidwa kwa oyamba kumene. Khomo lachepadi. Komanso zimatha kupeka dzina la laibulale (khodi yolembedwa kale ndi ena) imene kulibe, n'kulilemba molimba mtima ngati zoona, ndipo pa pulogalamu ya chipatala pafunika munthu woti awerenge mzere uliwonse n'kuyankhapo zikavuta. Zigwiritseni ntchito, koma poti mudakaphunzira, yambani mwalemba nokha kenako muzifunse kuti zikuonetseni pofooka. Mzere umene simungathe kuufotokoza kwa mnzanu musautumize.

Pezaninso azimayi anzanu kunja kwa ofesiyo. Mwa mabungwe a azimayi olemba khodi, PyLadies ilipo kuyambira 2011 ndipo Django Girls kuyambira 2014. Women Who Code, limene linali limodzi mwa mabungwe akuluakulu, linatseka mu April 2024 chifukwa ndalama za othandiza zinaphwa, ndiye musadalire bungwe lokha. Anthu awiri kapena atatu omwe mungawatumizire uthenga n'kufunsa kuti kodi izi n'zachilendo kapena zimachitika ponseponse ndi okwana.

Kubwerera ku wodi si manyazi, ndipo laisensi yanu ya unamwino musalole kuti ithe mphamvu. Koma m'kalata yonseyi simunanene paliponse kuti khodi yakutopetsani. Mwatopa ndi anthu 8. Lankhulani ndi bwana wanu mwezi uno, mupatse miyezi ingapo, ndipo ngati palibe chosintha yambani kufunsira kwina mudakali pa ntchitoyo. Ntchito yachiwiri siivuta ngati yoyamba, chifukwa pano muli ndi chaka chathunthu cha khodi imene ikugwira ntchito m'zipatala. Pa CV yatsopanoyo zaka 12 za unamwino muziike pamzere woyamba, ndipo mutchule mawodi amene munagwiramo.